Kukweza galimoto pa pantoni yopita ku chisumbu: malangizo kwa oyendetsa ochokera ku Lilongwe

Dalaivala wa mu Lilongwe akhoza kukalamba asanakwezepo galimoto pa chombo cha pamadzi. Mitsinje yathu ikuluikulu ili ndi milatho, ndipo Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951 n'kumafika ku Likoma ndi ku Chizumulu, si sitima yoti galimoto n'kulowamo ikuyenda yokha. Koma amalonda opita ku Dar es Salaam ndi ku Mombasa, komanso mabanja okapuma m'mphepete mwa nyanja ya mchere, amakumana nayo pantoni, chombo chophwatalala chokhala ndi chitseko chachitsulo chimene amachitsitsira pagombe kuti galimoto zikwererepo. Ku Dar es Salaam ilipo yoolotsa pakati pa Magogoni ndi Kigamboni. Ku Mombasa ilipo ya Likoni, yolumikiza chisumbu cha Mombasa ndi gombe la kummwera pa mtunda wa pafupifupi theka la kilomita. Kumadera ena kuli zazing'ono kwambiri, zonyamula galimoto zochepa chabe paulendo umodzi, ndipo malangizo awa akulunjika makamaka pa zimenezo.

Chombo chikafika pakati pa madzi, ntchito ndi ya kaputeni. Yanu ili pa mamita ochepa a pachitseko paja, pokwera ndi potsika, ndipo ndi pamenepo pamene mabampa amathothoka, makilatchi amapsa ndiponso galimoto zimagwera m'madzi. Zambiri zimene zimachitika pamenepo zimakhala zitakonzedwa kapena kunyalanyazidwa kale galimoto isanatuluke mumzinda.

Musananyamuke

Tengani tepi muyeze galimoto itapakira katundu yense amene mudzayende naye. Utali muyeze kuchokera pa bampa yakutsogolo mpaka pa chinthu chomalizira kumbuyo, kaya ndi tayala la sipeya kaya chitsulo chokokera ngolo. Msinkhu muyeze mpaka pamwamba pa katundu wa pa kaliyala. Mtengo wa tikiti nthawi zambiri amawerengera mtundu wa galimoto ndi utali wake, kwina ndi kulemera komwe, ndipo pa chombo chaching'ono theka la mita limene simunalitchule likhoza kuchititsa kuti chitseko chikane kutsekeka kumbuyo kwanu. Zikatero amene amatsitsidwa ndi inu.

Muyeso wofunika koposa ndi mpata wa pakati pa nthaka ndi chinthu chotsikitsitsa pansi pa galimoto. Zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe, monga Sienta, Freed ndi Passo, zili ndi mpata wa pafupifupi masentimita 14 kapena 15 zikakhala zopanda katundu, ndipo mukakweza anthu asanu ndi zikwama umachepa ndi masentimita ena awiri kapena atatu. Hilux ndi Land Cruiser zimapitirira masentimita 20. Gwadani muone chimene chatsika kwambiri. Kawirikawiri chimakhala mlomo wa bampa, sampu ya oyilo kapena ekizosi. Ngati pulasitiki ya pansi pa injini ikulendewera, imangeni bwino kapena muichotseretu, chifukwa imakola pa mano a chitseko.

Kulemera musakuyerekeze ndi maso. Onani kulemera kwa galimoto yopanda kanthu mu Blue Book kapena pa kachitsulo ka pakhomo la dalaivala, muonjezepo katundu. Thumba la simenti kapena la chimanga ndi makilogalamu 50, lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Hilux ya zitseko zinayi imalemera pafupifupi matani awiri. Mukaikamo matumba khumi a simenti, mgolo wa madzi wa malita 200 ndi anthu anayi, yafika pafupifupi matani atatu. Probox inapangidwa kuti izinyamula katundu wa makilogalamu 400 okha. Wa lole apite pa sikelo, monga zimene zili kumakampani ogula mbewu ku Kanengo, akatenge pepala losonyeza kulemera kwa ekiselo iliyonse, pakuti chitseko cha pantoni chimakhala ndi malire a kulemera kwa ekiselo imodzi, osati a galimoto yonse okha.

Kenako handibuleki. Mumzinda anthu ambiri amayenda chaka chonse ndi handibuleki yakufa, akudalira giya kapena mwala. Pachombo chimenechi n'chosatheka, popeza pansi pamene mwaimapo pamagwedezeka. Pezani mtsetse weniweni, imitsani galimoto itapakira, ikani pa nyutulo, kokani handibuleki, muchotse phazi pang'onopang'ono. Yesani galimoto itayang'ana kumtunda, muyesenso itayang'ana kumunsi. Ikayenda ngakhale pang'ono, kapena ngati ndodo yake ikukwera mpaka kumapeto isanagwire, pitani nayo kwa makaniko ku Biwi akakunge waya ndi kuona mashuzi a kumbuyo. Pomwepo aone ngati kilatchi sikuterereka, amange mitu ya batire, ndiponso atsimikize kuti magalasi onse a m'zitseko akutsika. Za magalasizi tizifotokoza kutsogolo, koma dziwani kuti galasi lokana kutsika si vuto laling'ono paulendo uwu.

M'galimoto muikemo matabwa awiri okhuthala masentimita 5, otambalala masentimita 25, aatali mita imodzi; zotsekera matayala ziwiri zathabwa zosemedwa motsetsereka; malamba anayi omangira katundu okhala ndi chokungira; chingwe chokokera galimoto; mawaya ojampira batire; pampu ya matayala ndi geji yake; ndi kahamala kakang'ono koswera galasi, kamene kazikhala poti dzanja la dalaivala likhoza kufika, osati ku buti. Kachitsulo kamphete kamene kamapotedwera pa bampa pokoka galimoto kamasowa m'galimoto zambiri zogula kwa munthu. Kafufuzeni pafupi ndi jeke, mukayese ngati kakulowa.

Ngati simuzolowera kubwerera m'mbuyo ndi magalasi a m'mbali okha, phunzirani musananyamuke. Mapantoni ena ali ndi zitseko mbali zonse ziwiri, mumalowera uku n'kutulukira uko. Ena ali ndi chitseko chimodzi, ndiye kuti mudzalowa kapena kutuluka chafutambuyo, pamtsetse, m'kanjira kopapatiza, anthu akukuwa. Ikani migolo iwiri pabwalo motalikirana mamita awiri ndi theka, muzilowa pakati pake mpaka zizichitika popanda kuima. Wokoka ngolo ayesere ndi ngolo yomwe.

Mapepala

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam kudzera mu M1, Mzuzu, Karonga ndi chipata cha Songwe ndi makilomita oposa 1,500, ndipo pepala limene mwaiwala simungalibwerere. Mufunika Blue Book yeniyeni, laisensi, COF ndi inshulansi zosatha, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimoto si yobedwa, chilolezo cha MRA chotulutsira galimoto kwa kanthawi, ndi kalata ya mwini wake ngati galimotoyo si yanu kapena ngati ili pangongole. Yellow Card ya COMESA, inshulansi ya galimoto yoyendera m'mayiko ena, imagwira ntchito ku Tanzania, Kenya ndi Zambia. Ku Mozambique inshulansi mumagula pachipata. Zonsezi ndi za pamsewu. Funsani kampani yanu ya inshulansi, ikuyankheni molemba, ngati imalipira galimoto ikaonongeka ili pa chombo cha pamadzi, chifukwa si mapolise onse amene amatero.

Amene mukukatenga galimoto kudoko la dziko lina, ya nambala za IT zosonyeza kuti ikungodutsa m'dzikomo, samalani. Galimoto yotere imapatsidwa njira yake ndi masiku oti ikhale itatuluka m'dzikomo. Kupatuka nayo kukakwera pantoni kuti mukaone gombe n'kuphwanya lamulo la kasitomu.

Kusankha nthawi yoolokera

Apa ndi pamene anthu ozolowera Senga Bay ndi Nkhata Bay amanamizika. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika potengera nyengo, pang'onopang'ono, mwakuti gombe limene mwalisiya m'mawa mumalipeza chimodzimodzi madzulo. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pamene yadzaza kufika pamene yaphwa pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawiyi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kusiyana kwa msinkhu wa madzi akadzaza ndi akaphwa kumakula. Ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam kumafika pafupifupi mamita 4, ku Beira kumapitirira mamita 6.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili. Madzi akaphwa, chombo chimaima kumunsi kwenikweni kwa konkire ya pagombe, malo amene amakhala m'madzi nthawi yambiri, choncho amamera ndere ndipo amaterera. Mumatsetsereka ndi konkire kenako n'kukwera chitseko, ndipo pamene ziwirizi zakumana pamakhala chigwa chopindika chimene chimagwira bampa yakutsogolo polowa ndi yakumbuyo potuluka. Pamadoko ena, pomwe chombo chimakocheza pakhoma, vuto limabwera madzi akadzaza kwambiri: chitseko chimaima chilili ndipo mimba ya galimoto imakhula pamwamba pake, pamene chalumikizana ndi chombo. Wa galimoto yotsika afunse amalinyero nthawi imene chitseko chimagona bwino padoko limenelo, ndipo kawirikawiri imakhala madzi ali pakatikati. Kudikira maola awiri n'kotchipa kuposa sampu yatsopano. Ndandanda wa nthawi zimenezi umapezeka pa intaneti mukalemba dzina la doko.

Mphepo nayonso muiwerengere. Miyezi imene mwera umavuta kwathu kuno, kuyambira cha mu May mpaka August, ndi yomweyo imene mphepo ya kusi imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa pagombe la Tanzania ndi Kenya. Nthawi zambiri m'mawa nyanja imakhala yabata kuposa masana, choncho sankhani ulendo woyamba kapena wachiwiri. Ulendo womaliza wa tsiku ndi umene umadzaza mopyola muyeso, chifukwa aliyense safuna kugona padoko.

Pamzere

Fikani nthawi ikadalipo. Pa zombo zokhala ndi ndandanda, ola limodzi chisananyamuke. Pa zoolotsa mosalekeza ngati ya Likoni, ingolowani pamzere wa mtundu wa galimoto yanu. Gulani tikiti pawindo kapena mwa njira imene yalembedwa pachikwangwani, ndipo munene zoona za utali ndi katundu. Anyamata olonjeza kukudumphitsani mzere asiyeni.

Muli pamzerepo chitani izi. Tsekani silinda ya gasi pamutu pake, muimike chilili, muimange. Zigubu za petulo muziulule kwa amalinyero, iwo ndi amene anene ngati zikwere ndiponso poziika. Tanki isakhale yodzaza mpaka pakamwa, chifukwa pamtsetse ndi padzuwa mafuta amasefukira pansi pa chombo, pomwe pali anthu ndi injini zotentha. Kungani zingwe za pa kaliyala, ndipo zolemera muzitsitsire m'kati. Zimitsani alamu, kapena phunzirani kukiya galimoto osaiyatsa. Alamu yomva kugwedezeka imalira ulendo wonse n'kumaliza batire.

Mukatero tsikani mukaone ndi maso anu galimoto ziwiri kapena zitatu zikukwera. Onani pamene zikukhula, mbali imene ili ndi ndere, ndiponso mmene chombo chikutitimirira lole ikaponda chitseko. Mphindi zisanu zimenezi zimakuphunzitsani zambiri kuposa malangizo onse olembedwa.

Okwera onse atsike alowe wapansi. M'malo ambiri ndi lamulo, ndipo kumene si lamulo muchitebe choncho. Galimoto imapepuka, mpata wa pansi umakula, ndipo ikatsetsereka mumakhala munthu mmodzi yekha wofunika kutuluka.

Kukwera

Nthawi yanu ikayandikira, masulani lamba, tsitsani galasi lanu mpaka pansi, tsegulani loko wa zitseko zonse, zimitsani wailesi, foni muiike pambali. Yang'anani munthu mmodzi yekha, mlinyero amene akulondolera galimoto. Padoko pamakhala anthu ambiri okupiza manja ndipo aliyense amanena zake.

Musaponde chitseko galimoto ya patsogolo panu isanamalize kukwera. Ikazima kapena kubwerera m'mbuyo, ifunika malo, ndipo inu mukakhala kumbuyo kwake mulibe kothawira.

Ya magiya apamanja ilowe ndi giya wani, ya otomatiki muiike pa L kapena pa 1. Ya 4x4 muiike pa 4L muli pamalo athyathyathya, musanayambe kutsetsereka. Imayenda pang'onopang'ono ndi mphamvu popanda kuotcha kilatchi. Liwiro likhale la munthu woyenda pansi. Mukayamba kukwera, phazi lichoke pa kilatchi ndipo moto ukhale umodzimodzi mpaka pamwamba. Osasintha giya pachitseko. Chitsulo chonyowa sichigwira tayala ngati phula, ndipo mukaponda moto mwadzidzidzi matayala amazungulira pamodzimodzi, galimoto n'kuyamba kutsetserekera cham'mbali, komwe kuli madzi. Zikayamba kutero, chepetsani moto pang'ono kuti matayala agwirenso, osati kuonjeza.

Galimoto yotsika isalowe pachigwa chija molunjika. Ilowe mopingasa pang'ono, tayala limodzi lakutsogolo liyambe kukwera, linzake litsatire. Mukatero mphuno imanyamuka bampa isanafike pachitsulo. Ngati malo salola kupingasa, ikani matabwa aja m'chigwamo, limodzi kutsogolo kwa tayala lililonse, motsata njira ya tayala. Munthu asagwirire thabwa ndi dzanja kapena phazi pamene galimoto ikudutsa, ndiponso asaime kumbuyo kwake, chifukwa tayala limatha kuliponya ndi mphamvu.

Pakakhala mafunde, chitseko chimanyamuka ndi kugwa. Mlinyero amawerenga mafundewo ndipo amakuimitsani mpaka pamene akuona kuti pali mpata. Akati tiyeni, pitani nthawi yomweyo osazengereza, ndipo musaime tayala lakutsogolo lili pachombo lakumbuyo lili pamtunda. Malo amenewo ndi oipitsitsa pa onse, pakuti chombo chikasuntha galimoto imagwera pakati.

Injini ikazima pachitseko, pondani buleki mwamphamvu, kokani handibuleki, muuze amalinyero aike zotsekera kumbuyo kwa matayala, kenako muyatse. Kumbukirani kuti injini ikazima buleki imakhala ndi mphamvu ya kuponda kamodzi kapena kawiri kokha, kenako imauma, choncho musaipope. Ponyamuka gwiritsani ntchito handibuleki monga mumachitira pa chitunda. Kilatchi ikayamba kununkha, lekani. Pemphani akukokeni ndi chingwe chomangidwa pa kamphete kaja.

Mimba ikakhula n'kugwira, imani pomwepo. Kukakamiza ndi kumene kumang'amba ekizosi ndi kuboola sampu. Tsitsani katundu wolemera, bwererani pang'ono, ikani matabwa pansi pa matayala kuti galimoto ikwere, muyesenso. Jeke pachitseko chogwedezeka ayi, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto.

Kuimika ndi kumanga

Amalinyero akakuuzani poima, imani pomwepo ngakhale pakuoneka pothina. Iwo akugawa kulemera: zolemera pakati, zopepuka m'mbali, kumanja ndi kumanzere kufanane. Pindani magalasi a m'mbali, matayala muwaongole.

Ya magiya apamanja: kokani handibuleki mpaka igwire, zimitsani injini, ikani giya wani kapena livesi. Ya otomatiki: phazi lili pa buleki, kokani handibuleki, ikani pa N, chotsani phazi kuti kulemera kukhale pa handibuleki, kenako ikani pa P. Chimene chimagwira galimoto pa P ndi kadzino kamodzi kachitsulo m'giyabokosi. Kakamalandira kulemera konse chombo chikugwedezeka, kamatha kuthina mwakuti giya imakana kuchoka pa P pofika, kapenanso kuthyoka. Zotsekera muziike kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala limodzi, makamaka ngati muli woyamba kapena womaliza pamzere. Mu September 2019, pa Likoni, galimoto imene inali kumapeto kwa chombo cha MV Harambee inabwerera m'mbuyo n'kugwera m'nyanja chombocho chili pakati pa madzi, ndipo mayi ndi mwana wake wamkazi amene anali m'katimo anamwalira. Zotsekera ziwiri zathabwa ndi chitseko chokwezedwa bwino zimaletsa ngozi yotere. Mukaona kuti chombo chikunyamuka chitseko cha kumbuyo kwanu chili chogona, musakhale m'galimoto.

Paulendo wa mphindi khumi pamadzi abata, handibuleki, giya ndi zotsekera n'zokwanira. Paulendo wautali wodutsa panyanja poyera, galimoto imangidwe ndi malamba anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, lililonse likukokera kunja mopendekera, osati molunjika pansi. Mangani pa mphete zokokera, pa tcheseshi, kapena mozunguliza tayala. Osamanga pa bampa, pa ekizosi, pa ndodo za chiwongolero, kapena podutsa mapaipi a buleki. Kungani mpaka lamba lileke kugwedera, koma osafinya masipuling'i mpaka pansi. Njinga yamoto iikidwe m'giya, buleki yakutsogolo imangidwe ndi kachingwe, ndipo malamba akhale mbali zonse ziwiri.

Zimitsani magetsi onse, chotsani kiyi muike m'thumba lotseka. Tengani mankhwala, mapepala ndi madzi akumwa, chifukwa pa zombo zina salola kubwerera kugalimoto ulendo uli m'kati. Jambulani galimoto mbali zonse ndi foni. Ikakandidwa ndi ina, chithunzicho ndiye umboni wanu.

Pamadzi

Musanakhale pansi, onani pamene pali majekete oyandamitsa, ndipo ngati muli ndi ana funsani a msinkhu wawo. Jekete la wamkulu limavuka mwana akagwera m'madzi. Povala mangani zingwe zonse mothina, ndipo muvale muli panja, osati m'chipinda chotsekeka, momwe likhoza kukukanikizirani kudenga madzi akalowa.

Chombo chaching'ono chimamva kulemera kwa anthu. Pa 20 September 2018, MV Nyerere inagubuduzika pa nyanja ya Victoria itatsala pang'ono kukocheza pa chisumbu cha Ukara, itanyamula anthu ochuluka kwambiri kuposa mlingo wake, ndipo anthu oposa 200 anafa gombe akuliona. Kwathu kuno sitima ya Vipya inamira mu 1946 kumpoto kwa nyanja ya Malawi pa nyengo ya mwera, n'kupha anthu 145. Choncho doko likayandikira, khalani pamene muli mpaka chombo chimangidwe. Musathamangire mbali imene aliyense akuthamangira. Ndipo muli ndi ufulu wokana kukwera. Pambali pa chombo pamakhala mzere wosonyeza malire a katundu. Ukamira, kapena mukaona madzi akuyendayenda pansi pomwe paima galimoto osatuluka m'mabowo ake, dikirani ulendo wina. Madzi oyendayenda amenewo amathamangira mbali imene chombo chapendekera n'kuonjezera kupendekako.

Amene amachita nseru adye pang'ono, akhale pakati pa chombo pamphepo, aziyang'ana kutali. Mapiritsi oletsa nseru amamwedwa ulendo usanayambe, koma ambiri amagonetsa, choncho dalaivala awapewe.

Galimoto ikagwera m'madzi muli momwemo

Imayandama kwa nthawi yochepa, pafupifupi mphindi imodzi, mphuno ikutsogola kumira chifukwa cha kulemera kwa injini. Mphindi imeneyo isathere pa foni kapena pokankha chitseko, chimene madzi amachikanikiza kuchokera kunja. Masulani lamba, tsitsani galasi, tulutsani ana kudzera pawindo kuyambira wamkulu, amene angathe kudzigwirira, kenako mutuluke ndi wamng'ono. Magalasi a magetsi amagwirabe ntchito kwa kanthawi kochepa. Akakana, menyani pakona pa galasi la m'mbali ndi kahamala kaja. Galasi lakutsogolo musalimbane nalo, lili ndi pulasitiki pakati ndipo silisweka n'kugwa. Ichi n'chifukwa chake tinati mukwere lamba ali womasula, galasi lili pansi.

Kutsika

Bwererani kugalimoto akakuuzani, koma musayatse injini mpaka mzere wanu utayamba kuyenda, kuti utsi usadzaze pomwe pali anthu. Onetsetsani kuti malamba onse anayi achotsedwa. Lamba loiwalika kumbuyo limazula chimene lamangidwapo. Pondani buleki musanalole kuti achotse zotsekera. Tsikani ndi giya wani, mopingasa ngati pokwera, ndipo kumbukirani kuti tsopano chimene chikhule ndi kumbuyo: ekizosi, bampa ndi chitsulo cha ngolo.

Nthawi zina chitseko sichifika pouma ndipo mumayenera kuponda m'madzi. Onani pa galimoto ya patsogolo kuti akufika pati. Kwa galimoto yaing'ono, madzi ofika pakati pa tayala ndiwo malire. Pitani pang'onopang'ono osaima. Injini ikazimira m'madzi, musayese kuiyatsa. Madzi akalowa m'masilinda safinyika, ndipo sitata ikazungulitsa injini ndodo za mapisitoni zimapindika. Ikokereni kumtunda, tsegulani bokosi la sefa ya mpweya. Ngati sefayo yanyowa, makaniko achotse mapulagi, atulutse madzi, asinthe oyilo, ndiye muyatse.

Mukafika pamtunda musaime pakamwa pa doko kudikira abale. Pitani patsogolo pomwe simutsekereza ena, akupezeni kumeneko. Pa mamita oyamba pondani buleki mopepuka kangapo kuti iume.

Pachisumbu ndi pobwerera

Musanachoke padoko funsani nthawi ya ulendo womaliza ndi masiku amene chombo sichiyenda, ndipo ngati n'kotheka lembetsani malo obwererera tsiku lomwelo. Pa chisumbu chodalira pantoni imodzi, ikaonongeka galimoto yanu imakhala komweko mpaka ikonzedwe, choncho musaike tsiku lobwerera pafupi ndi tsiku limene chilolezo cha galimoto kapena chanu chikutha. Siyani masiku awiri kapena atatu. Mafuta pachisumbu amadula ndipo amatha, thirani kumtunda. Pamchenga wofewa tsitsani mpweya wa matayala kuchoka pa mabaa 2.2 kapena 2.4 kufika pa 1.5, muziyenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi, ndipo muupopenso musanakwere chombo, chifukwa tayala lofewa limatsitsa galimoto ndiponso limatsinidwa ndi m'mphepete mwa chitsulo.

Mchere ndi umene umatsala nanu ulendo ukatha. Galimoto za mu Lilongwe sizichita dzimbiri msanga chifukwa kuno mpweya ulibe mchere, koma madzi a m'nyanja akauma pansi pa galimoto amayamba kudya mapaipi a buleki, mabawuti ndi polumikizira mawaya. Tsiku lomwe mwatsika komaliza, kapena mawa lake, tsukani ndi madzi abwino ambiri pansi ponse, m'kati mwa madigadi, kuseri kwa mawilo ndi pa redieta, musanayambe ulendo wobwerera. Kupukuta pamwamba ndi nsalu sikuthandiza. Ngati matayala analowa m'madzi mpaka pa ekiselo, mukafika kuno makaniko amasule bawuti ya difu aone oyilo. Difu yotentha ikamizidwa m'madzi ozizira imayamwa madzi kudzera pa kabowo kake kopumira, ndipo oyilo amasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka. Akapezeka wotero asinthidwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi girizi wa m'mabeya a mawilo.